Mbiri ya Njanji za Pansi pa Nthaka za Mzinda wa London

Njanji za pansi pa nthaka za mzinda wa London, zimene dzina lake la m'mabuku ndi London Underground koma eni mzinda amangozitchula kuti Tube, ndizo zakale kwambiri mwa njanji zonse za mtundu umenewu padziko lapansi, popeza sitima yake yoyamba inanyamula anthu pa 10 Januwale 1863. Lero pali njanji 11 zokhala ndi mayina ndi mitundu yakeyake, masiteshoni 272, ndiponso njira zotalika makilomita pafupifupi 400, ngakhale kuti gawo loposa theka la njirazi lili panja, chifukwa sitima zambiri zimatuluka pansi zikangofika m'madera a kunja kwa mzinda. Munthu woona mapu a njanjizi, mmene mizere yofiira, yobiriwira, yakuda ndi yachikasu imakumanirana mwadongosolo, angaganize kuti zonse zinachokera m'mutu wa katswiri mmodzi amene anakhala pansi n'kulingalira zosowa za mzinda wonse, koma mbiri yake si yotero. Njanjizi zinamangidwa pang'onopang'ono ndi makampani olimbirana okwera, ndipo kumene njanji inadutsa, kukula kwa sitima zake ndi malo amene siteshoni inaikidwa zinkadalira mtundu wa dothi, malamulo okhudza umwini wa malo, ndiponso kumene eni ndalama ankayembekezera phindu. Mgwirizano umene ukuoneka lerowu unabwera mochedwa, ndipo sunafafanize zipsera za mmene ntchitoyi inayambira.

Gwero la zonse linali kuthithikana kwa anthu. Mu 1801 London inali ndi anthu pafupifupi miliyoni imodzi, koma pofika mu 1851 chiwerengerochi chinali chitaposa mamiliyoni awiri, ndipo njanji zikuluzikulu zochokera m'zigawo zina za Britain zinkatsitsa khamu tsiku ndi tsiku pa masiteshoni a Euston, Paddington ndi King's Cross, amene anatsegulidwa mu 1837, 1838 ndi 1852. Bungwe lofufuza limene boma linakhazikitsa mu 1846 linalangiza kuti njanjizi zisalowe m'katikati mwa mzinda, motero masiteshoni ake anandandalika m'mphepete, ndipo wokwera aliyense wofuna kufika ku City, dera lakale la mabanki ndi maofesi a zamalonda, ankayenera kumaliza ulendo wake wapansi kapena pa ngolo zokokedwa ndi akavalo m'misewu yodzaza kale. Munthu amene analimbikira kwa zaka zambiri kuti masiteshoniwa alumikizidwe ndi njanji yodutsa kunsi kwa misewu anali Charles Pearson, loya wa khonsolo ya City, amene sankangoona za malonda, popeza ankakhulupirira kuti sitima zotsika mtengo zikanathandiza amphawi kuchoka m'nyumba zauve zopanikizana za pakati pa mzinda n'kukakhala kunja kwa mzinda, kumene kuli mpweya wabwino, uku akugwirabe ntchito m'tauni. Pearson anamwalira mu Sepitembala 1862, kutatsala miyezi inayi yokha kuti njanjiyo itsegulidwe.

Kampani ya Metropolitan Railway inalandira chilolezo cha Nyumba ya Malamulo mu 1854, koma ntchito inayamba mu 1860 chifukwa ndalama zinavuta kupezeka. Injiniya wamkulu, John Fowler, anatsata njira ya kukumba ndi kufotsera, ndiko kunena kuti amisiri ankatseka msewu, n'kukumba chingalande chachikulu, n'kumanga makoma a njerwa mbali zonse ziwiri ndi denga lokhota pamwamba, kenako n'kubwezeretsa msewuwo pamalo pake. Njirayi inayenda bwino kunsi kwa msewu wotakata umene lero ndi Marylebone Road ndi Euston Road, koma chakum'mawa, m'chigwa cha mtsinje wa Fleet, njanji inadutsa mokhala anthu, ndipo nyumba zambiri za osauka zinagwetsedwa. Chipukutamisozi chinkapita kwa eni nyumba, pamene ochita lendi ankangosamutsidwa n'kukawonjezera kupanikizana m'makwalala oyandikana nawo. Choncho njanji imene Pearson ankafuna kuti ipumulitse osauka inayamba ndi kuwasowetsa pogona, ndipo mfundo imeneyi siyenera kusiyidwa pambali pamene luso la amisiriwo likutamandidwa. Mu Juni 1862 mtsinje wa Fleet womwewo, umene panthawiyo unali utatsekeredwa pansi n'kusanduka ngalande ya zonyansa, unaphulika n'kusefukira mokumbamo, ndipo ntchito inachedwa.

Njanji yoyambayo inali yotalika makilomita 6 okha, kuchokera ku Paddington kukafika ku Farringdon, ndipo inali ndi masiteshoni 7, amene ena mwa iwo anasintha mayina pambuyo pake, monga Portland Road imene lero ndi Great Portland Street, ndi Gower Street imene lero ndi Euston Square. Pa tsiku loyamba panakwera anthu pafupifupi 38,000, ndipo m'miyezi 12 yoyamba okwera anaposa mamiliyoni 9. Mabogi anali a matabwa, ounikiridwa ndi nyale za gasi, ndipo ankakokedwa ndi injini za malasha, chinthu chimene chinasautsa okwera ndi antchito kwa zaka zoposa 40. Mainjiniya anakonza injini zobwezera nthunzi m'mathanki a madzi ozizira kuti isadzaze njira, koma utsi wa malasha unalibe kolowera, motero anaboola mabowo m'misewu ndi kusiya malo ena osafotsera kuti utsiwo uzitulukirapo. Umboni wake ukuonekabe pa msewu wa Leinster Gardens m'dera la Bayswater, pamene nyumba za nambala 23 ndi 24 ndi khoma lakutsogolo lokha, lokhala ndi zipilala, chitseko chosatseguka ndi mawindo opaka penti, lomangidwa kuti libise mpata wa njanji umene uli kuseri kwake. Anthu a m'dera lolemeralo anawasungira maonekedwe a msewu wawo, mwayi umene a m'chigwa cha Fleet sanapatsidwe. Siteshoni ya Baker Street nayo yasunga malo okwerera a mu 1863, okhala ndi denga la njerwa ndi timipata totsetsereka m'makoma timene tinkalowetsa kuwala kwa dzuwa kuchokera kumsewu.

Phindu la Metropolitan linakopa ena, ndipo mu 1868 kampani yachiwiri, ya District, inatsegula njanji yochokera ku South Kensington kufika ku Westminster, imene inapitirira chakum'mawa m'mphepete mwa mtsinje wa Thames, momangidwira limodzi ndi khoma la Victoria Embankment ndi ngalande yaikulu ya zonyansa ya injiniya Joseph Bazalgette. Cholinga cha Nyumba ya Malamulo chinali choti makampani awiriwa alumikize njanji zawo kuti pakhale njira yozungulira pakati pa mzinda, koma atsogoleri awo, Edward Watkin wa Metropolitan ndi James Staats Forbes wa District, sankamwerana madzi chifukwa cha mpikisano umene anali nawo kale pa njanji za kum'mwera chakum'mawa kwa England, kotero kuti mkombero umene lero ndi njanji ya Circle unamalizidwa mu 1884. Mtima wa makampaniwa unali kunja kwa mzinda, kumene kuyala njanji kunali kotsika mtengo. Metropolitan inafika mpaka ku Verney Junction, m'minda ya ku Buckinghamshire, makilomita pafupifupi 80 kuchokera ku Baker Street, ndipo popeza inali ndi ufulu wosunga malo otsala amene inagula m'mbali mwa njanji, inamangitsapo nyumba n'kumalengeza maderawo ndi dzina loti Metro-land kuyambira mu 1915, podziwa kuti wogula nyumba aliyense asanduka wokwera wa tsiku ndi tsiku. Madera monga Wembley Park, Harrow ndi Pinner anakula mwa njira imeneyi, ndipo injini za malasha zinakokabe sitima za anthu chakumapeto kwa njanjiyi mpaka mu 1961.

Pakati penipeni pa mzinda, pamene misewu inali yopapatiza ndipo malo anali okwera mtengo, kukumba ndi kufotsera sikukanatheka, ndipo yankho linachokera ku dothi lenilenilo. Kunsi kwa gawo lalikulu la London, makamaka kumpoto kwa Thames, kuli dongo lotuwa losalola madzi kudutsa, lofewa moti lingakumbidwe ndi manja koma logwirana moti siligumuka msanga. M'dongo lotere n'zotheka kuboola mpita, ndiko kuti njira yobulungira yodutsa pansi penipeni popanda kukhudza nyumba ndi misewu ya pamwamba. Chida chothandiza pa ntchitoyi chimatchedwa chishango, ndipo woyamba kuchigwiritsa ntchito anali Marc Brunel, amene anaboola mpita wodutsa kunsi kwa Thames pakati pa Rotherhithe ndi Wapping kuyambira mu 1825 mpaka mu 1843. Amene anachikonza kuti chikhale choyenera njanji anali James Henry Greathead, injiniya wobadwira ku Grahamstown m'dziko la South Africa, amene chishango chake chinali chimphete chachitsulo chakuthwa kutsogolo: anthu ankakumba dongo ali m'kati mwake, majeki ankachikankhira patsogolo pang'onopang'ono, ndipo kumbuyo kwake amisiri ankamanga zidutswa za chitsulo ndi mabawuti kuti zikhale khoma lozungulira, n'kupopera simenti yamadzimadzi mumpata wotsala pakati pa chitsulo ndi dothi.

Mwa njira imeneyi njanji ya City and South London inatsegulidwa mu 1890 kuchokera ku King William Street kufika ku Stockwell, ndipo popeza utsi sukanatha kutuluka m'mipita yakuya chotero, sitima zake zinali zoyendera magetsi, pamene okwera ankatsikira ku sitima pa zikepe. Pofuna kuchepetsa ndalama, mipita inabooledwa yopapatiza, yongopitirira pang'ono mamita atatu m'mimba mwake, ndipo mabogi oyamba anali ndi timawindo ting'onoting'ono m'mwamba, moti makondakitala ankachita kufuula mayina a masiteshoni. Mipita ya pambuyo pake inakulitsidwa pang'ono chabe, kufika pa mamita atatu ndi theka. Apa ndi pamene panachokera kusiyana kumene wokwera aliyense amakuona lero: njanji zinayi zakale, za Metropolitan, District, Circle ndi Hammersmith & City, zili pafupi ndi msewu ndipo sitima zake n'zazikulu, pamene njanji 7 zotsalazo zimalowa m'mipita yakuya ndipo sitima zake n'zazifupi, za denga lokhota, moti munthu wamtali woima pakhomo amawerama.

Malamulo a malo nawo anasiya chizindikiro chawo. Popeza mwini malo ankawerengedwa kuti ndi mwininso wa dothi la kunsi kwake, makampani ankapewa kulipira poboola mipita motsatira misewu ya boma, ngakhale pamene misewuyo inali yokhotakhota. Njanji ya Central, imene inatsegulidwa mu 1900 kuchokera ku Shepherd's Bush kufika ku Bank ndipo inkalipiritsa mapeni awiri pa ulendo uliwonse, ikuonetsa bwino zimenezi, chifukwa pa siteshoni ya Bank malo okwerera ndi okhota kwambiri moti pamatsala mpata woopsa pakati pa sitima ndi poponda, n'chifukwa chake okwera amachenjezedwa kosalekeza, ndipo pa Chancery Lane ndi St Paul's, pamene msewu unali wopapatiza, mipita iwiri inasanjikizidwa, wina pamwamba wina pansi. Amisiri a njanjiyi anachitanso chinthu chanzeru poika masiteshoni pokwererapo pang'ono, kuti sitima ikamafika chitunda chiziithandiza kuima, ndipo ikamanyamuka kutsetsereka kuziithandiza kuthamanga.

Njanji zitatu zakuya za Bakerloo, Piccadilly ndi Hampstead zinatsegulidwa mu 1906 ndi 1907, ndipo zonse zinali za kampani imene inakhazikitsidwa mu 1902 ndi Charles Tyson Yerkes, mkulu wa zamalonda wa ku America amene analemera ndi sitima za m'misewu ya ku Chicago ndipo mbiri yake pa ndalama inali yokayikitsa. Iye anasonkhanitsa chuma, chambiri chochokera kunja kwa Britain, anamanga nyumba yopangira magetsi ya Lots Road ku Chelsea, ndipo anachotsa injini za malasha pa njanji ya District mu 1905, chaka chimene anamwalira asanaone njanji zake zatsopano zikuyenda. Masiteshoni a njanjizi anajambulidwa ndi mnyamata wotchedwa Leslie Green, amene anamwalira mu 1908 ali ndi zaka 33, ndipo amadziwika ndi khoma la matailosi onyezimira ofiira moderako, mawindo okhota ngati uta m'chipinda cham'mwamba, ndi denga lafulati lokonzedwa kuti maofesi adzamangidwepo, monga zikuonekera pa Covent Garden, Russell Square ndi Chalk Farm. Kunsi, siteshoni iliyonse inapatsidwa kasanjidwe kakekake ka matailosi amitundumitundu, kothandiza wokwera kuzindikira pamene wafika. Siteshoni ya Hampstead, imene ili mamita 58 pansi pa nthaka, ndiyo yakuya koposa onse, ndipo njanjiyo itafika ku Golders Green mu 1907 inapeza minda, imene m'zaka zochepa inasanduka mudzi waukulu. Komabe okwera sanachuluke monga mmene eni masheya ankayembekezera, ndipo kusowa phindu ndiko kunakakamiza makampani kuti mu 1908 ayambe kugwiritsa ntchito dzina limodzi loti Underground ndi mapu amodzi.

Anthu awiri amene anapatsa njanjizi nkhope imodzi anali Albert Stanley, amene pambuyo pake anatchedwa Lord Ashfield, ndi Frank Pick, amene ankakhulupirira kuti chilichonse chimene wokwera amaona, kuyambira pa chikwangwani mpaka pa mpando, chiyenera kukhala chomveka ndi chokongola. Pick anapempha Edward Johnston kuti akonze zilembo zapadera, zimene zinayamba kugwira ntchito mu 1916 ndipo zikugwiritsidwabe ntchito zitasinthidwa pang'ono, ndipo Johnston yemweyo ndiye anakonza chizindikiro chotchuka cha mphete yofiira yodutsidwa ndi mzere wabuluu. Pamene boma linayamba kuthandiza makampani kupeza ngongole m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930 pofuna kuchepetsa ulova, njanji zinatalikitsidwa kufika ku Morden mu 1926 ndi ku Cockfosters mu 1933, ndipo katswiri wa mapulani a nyumba Charles Holden anamanga masiteshoni a njerwa, konkire ndi magalasi aakulu, monga Sudbury Town, Arnos Grove ndi Southgate, amene usiku amawala moti munthu amawaona ali kutali. Mu 1933 makampani onse, pamodzi ndi mabasi ndi sitima za m'misewu, anaikidwa pansi pa bungwe limodzi lotchedwa London Passenger Transport Board, kapena London Transport mwachidule.

M'chaka chomwecho munasindikizidwa mapu amene Harry Beck, wojambula mapulani wa kampani ya njanji za pansi, anakonza mu 1931 ndipo poyamba akuluakulu anawakana. Beck anaona kuti munthu amene ali pansi pa nthaka safuna kudziwa mtunda weniweni, koma dongosolo la masiteshoni ndi pamene angasinthire sitima, motero anajambula njanji zonse ngati mizere yoimirira, yopingasa kapena yopendekera, anakulitsa pakati pa mzinda, anapanikiza madera akutali, ndipo pa zinthu za pamwamba anasiyapo mtsinje wa Thames wokha. Kajambulidwe aka kanatengeredwa ndi mizinda yambiri, ndipo n'koyenera kutamandidwa, koma kali ndi kuipa kwake, chifukwa mtunda wa mamita osakwana 300 wa pakati pa Leicester Square ndi Covent Garden ndi mtunda wa makilomita oposa 6 wa pakati pa Chalfont & Latimer ndi Chesham sizisiyana kwenikweni pa pepala, ndiponso madera amene alibe siteshoni amangosowa, ngati kuti si mbali ya London.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inasandutsa masiteshoni kukhala pothawira. Poyamba boma silinafune kuti anthu azigona m'menemo, koma mabomba a ndege za Germany atayamba kugwa usiku uliwonse mu Sepitembala 1940, anthu ankagula matikiti, n'kutsika ndi zofunda ndi ana awo, n'kukana kutuluka, moti usiku wa pa 27 Sepitembala munagona anthu pafupifupi 177,000, ndipo akuluakulu anagonja n'kuikamo mabedi osanjikizana ndi zimbudzi. Mpita wa Aldwych unasunga chuma cha British Museum, ndipo m'mipita yosamalizidwa ya njanji ya Central, pakati pa Leytonstone ndi Gants Hill, munakhazikitsidwa fakitale ya zipangizo za ndege. Pansipo sipanali potetezeka nthawi zonse, popeza bomba limene linagwa pa Balham mu Okutobala 1940 linaphwanya mapaipi a madzi n'kupha anthu oposa 60. Tsoka lalikulu koposa linachitika pa Bethnal Green pa 3 Malichi 1943, popanda bomba lililonse kugwa pamalopo. Chenjezo litalira, khamu linathamangira ku khomo limodzi lokha la siteshoniyo, lokhala ndi masitepe amdima opanda chogwirira chapakati, ndipo phokoso lachilendo la zida zatsopano zowombera ndege zimene zinaphulitsidwa ku Victoria Park linawonjezera kukankhana. Mayi wina wonyamula mwana atagwa chakumunsi kwa masitepe, ena anamugwera, ndipo anthu 173, mwa iwo ana 62, anafa chifukwa chobanika. Khonsolo ya deralo inali itapempha kale kuti khomolo likonzedwe koma sinaloledwe, ndipo lipoti la kafukufuku linabisidwa mpaka mu 1945, kotero kuti mabanja ofedwa analira popanda kuuzidwa zoona zake.

Nkhondo itatha, njanjizi zinakhala za boma mu 1948, koma ndalama zinali zochepa, ndipo lamulo losunga malo obiriwira kuzungulira London linathetsa mapulani otalikitsa njanji ya Northern chakumpoto, n'chifukwa chake nthambi ya Mill Hill East imathera panjira. Chimene chinasintha kwambiri m'zaka zimenezi chinali anthu. Ena mwa amene anafika kuchokera ku Caribbean pa chombo cha Empire Windrush mu 1948 anayamba agonekedwa m'malo akuya obisalamo mabomba a kunsi kwa siteshoni ya Clapham South, ndipo ambiri anakhazikika ku Brixton, kumene kunali ofesi yapafupi yofunsirako ntchito. Kuyambira mu 1956 bungwe la London Transport linayamba kulemba antchito mwachindunji ku Barbados, ndipo kenako ku Jamaica ndi ku Trinidad, anthu amene anayendetsa masiteshoni ndi sitima kwa zaka zambiri ngakhale kuti kukwezedwa pa ntchito kunkawavuta chifukwa cha tsankho. M'nyengo yomweyo, kuyambira mu 1945 mpaka mu 1953, Dr Hastings Kamuzu Banda ankagwira ntchito ya udokotala ku Harlesden, dera la anthu wamba limene lili pa njanji ya Bakerloo.

Njanji yatsopano yodutsa pakati pa mzinda inadikira mpaka mu 1968, pamene gawo loyamba la njanji ya Victoria linatsegulidwa, n'kufika ku Brixton mu 1971. Imeneyi ndiyo njanji yoyamba imene inakonzedwa poganizira njanji zonse pamodzi, chifukwa masiteshoni ake onse, kupatula Pimlico, amalumikizana ndi njanji ina, ndipo pa ena, monga Oxford Circus ndi Finsbury Park, wosintha sitima amangoyenda mapazi ochepa osakwera masitepe. Sitima zake zimadziyendetsa zokha motsatira zizindikiro za magetsi, dalaivala n'kumangotsegula zitseko ndi kuyang'anira, ndipo pa nthawi ya piringupiringu zimadutsa zokwana 36 pa ola limodzi. Mu 1977 njanji ya Piccadilly inafika pa bwalo la ndege la Heathrow, ndipo mu 1979 njanji ya Jubilee inatsegulidwa.

Kunyalanyaza kwa zaka zambiri kunaonekera poyera kudzera m'ngozi. Pa 28 Febuluwale 1975 sitima inalephera kuima pa Moorgate n'kukawomba khoma la kumapeto kwa mpita, ndipo anthu 43 anafa, zimene zinachititsa kuti pakhazikitsidwe zida zoimitsa sitima yokha ikafika kothera njanji ili pa liwiro. Pa 18 Novembala 1987 machesi oyaka anagwera kunsi kwa masitepe oyenda okha a matabwa pa King's Cross, kumene girisi ndi zinyalala zinali zitaunjikana, ndipo moto umene poyamba unkaoneka waung'ono unagona m'ngalande ya masitepewo, n'kutenthetsa matabwa a kutsogolo kwake, kenako n'kubuka mwadzidzidzi m'chipinda chogulitsira matikiti, kumene unapha anthu ambiri mwa 31 amene anafa. Kafukufuku amene anatsogolera Desmond Fennell anadzudzula akuluakulu chifukwa choona moto wa m'masiteshoni ngati chinthu chosapeweka, ndipo zotsatira zake zinali kuletseratu fodya, kuphunzitsa antchito za ngozi, ndi kuchotsa masitepe a matabwa, amene omaliza anachotsedwa pa Greenford mu 2014. Pa 7 Julayi 2005 zigawenga zinaphulitsa mabomba m'sitima zitatu ndi m'basi imodzi, n'kupha anthu 52.

Ntchito zikuluzikulu za m'zaka zaposachedwa zikusonyeza kuti njanji imapitabe kumene kuli ndalama. Njanji ya Jubilee inatalikitsidwa mu 1999 kudzera ku Westminster, London Bridge ndi Canary Wharf mpaka ku Stratford, makamaka pofuna kutumikira maofesi atsopano omangidwa pa madoko akale, ndipo masiteshoni ake ndi otakasuka, a pansi pa nthaka ali ndi zitseko zagalasi zotchinga njanji mpaka sitima itaima. Nthambi ya njanji ya Northern yopita ku Nine Elms ndi Battersea Power Station, imene inatsegulidwa mu 2021, inalipiridwa makamaka ndi ndalama zochokera kwa omanga nyumba ndi amalonda a m'deralo. Njanji ya Elizabeth ya mu 2022, ngakhale ili pa mapu omwewo ndipo ili pansi pa bungwe la Transport for London limene linatenga njanji za pansi mu 2003, siwerengedwa m'gulu la njanji 11 zija, popeza mipita ndi sitima zake n'zazikulu ngati za njanji za mitunda italiitali. M'mipita yakale zosankha za makolo zikuvutitsabe zidzukulu: dongo lakhala likumwa kutentha kwa mabuleki ndi mainjini kwa zaka zoposa 100 moti silikuziziritsanso monga kale, kuchepa kwa mipita kumavutitsa kuika makina oziziritsa mpweya, ndipo masiteshoni amene munthu wa pa njinga ya olumala angafike pa sitima popanda masitepe ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Kusiyana koonekera kwambiri n'kwa pakati pa mbali ziwiri za mtsinje. Mwa masiteshoni 272 aja, amene ali kum'mwera kwa Thames ndi ongopitirira 30 pang'ono, chifukwa kum'mwera chakum'mawa dothi lake ndi la mchenga ndi miyala yodzaza madzi, lovuta kuboola ndi zida zakale, ndiponso chifukwa makampani a njanji za pamwamba anali atagwira kale maderawo ndipo sankafuna wopikisana naye. Mpaka lero makhonsolo a Bexley, Bromley, Croydon, Kingston upon Thames, Lewisham ndi Sutton alibe ngakhale siteshoni imodzi ya njanji za pansi. Makina oboolera a masiku ano saopanso dothi lotere, motero chotsalira ndi nkhani ya ndalama ndi ya amene mawu ake amamveka. Chilolezo chotalikitsa njanji ya Bakerloo kuchokera ku Elephant & Castle kufika ku Camberwell chinaperekedwa mu 1931, ntchitoyo inaimikidwa, inadzutsidwanso nkhondo itatha, kenako inasiyidwa; mu 2021 boma linateteza mwalamulo njira ina yodzera ku Old Kent Road mpaka ku Lewisham kuti pasamangidwe zotchinga, koma ntchito yoboola ikudikira ndalama, ndipo njanji ya Bakerloo ikuyendetsabe sitima zopangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970.